Zaka 6 asanamwe piritsi loyamba

Pa doko la asodzi ku Senga Bay kapena ku Chipoka, matenda a schizophrenia sabwera ndi phokoso. Amayamba ndi tizinthu tomwe anzake a munthuyo amangoseka. Mnyamata amene ankakhala woyamba kukankhira bwato m'madzi dzuwa likamalowa wayamba kutsalira. Akapita nawo, pokoka chilimira manja ake sagwirizana ndi a anzake. Maso ali kwina, milomo ikugwedezeka, akuyankha munthu amene ena sakumuona. Akabwerako m'mawa anzake n'kugona, iye amakhala ali maso. Pakatha miyezi wasiya kusamba ngakhale nyanja ili pakhomo, ndipo nsima ya mayi ake akuikana, akuti athiramo chiphe. Mwini zida amamuchotsa pagulu, ndipo n'zovuta kumunena: usiku pakati pa nyanja palibe mlovi amene angalole kukhala bwato limodzi ndi munthu amene akuti injini ikumutukwana.

Ofufuza za matendawa ali ndi funso limodzi lomwe amalikonda. Kuchokera pamene zizindikiro zaonekera poyera kufika tsiku lomwe munthuyo walandira mankhwala oyamba akuchipatala, papita nthawi yaitali bwanji? Ku England, kuyambira mu 2016, achipatala adapatsidwa mulingo woti munthu amene akuganiziridwa kuti wayamba matendawa ayambe kuthandizidwa pasanathe masabata awiri chimutumizireni kwa akatswiri. Kuno kwathu, kafukufuku amene adachitika pakati pa odwala a ku St John of God ku Mzuzu adasonyeza kuti nthawiyi imafika pafupifupi zaka 6. Mwana amene adabadwa bambo ake atangoyamba kudwala amalembetsa Sitandade 1 bambowo asanaonane ndi namwino.

Zaka 6 zimenezi ndi zomwe zidabweretsa gulu la ofufuza ku Salima. Ntchito yawo, yotchedwa PROMISE, idayamba mu 2022 ndi ndalama zochokera ku bungwe la Wellcome la ku London, ndipo maboma oyamba kusankhidwa adali Salima ndi Chiradzulu. Akutsogolera ndi Pulofesa Stephen Lawrie wa ku University of Edinburgh ku Scotland, mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, unduna wa zaumoyo, St John of God ndi bungwe la odwala ndi owasamalira la MeHUCA. Pa ndondomeko ya kafukufukuyu, yomwe idasindikizidwa mu 2023 m'magazini ya sayansi ya PLOS ONE, pali maina a Amalawi ambiri: Kazione Kulisewa, Olive Liwimbi, Saulos Gondwe, Lucinda Manda-Taylor, Michael Udedi, Demoubly Kokota, Anthony Sefasi, Thandiwe Mkandawire ndi ena.

Matendawa ndi otani

Madokotala amasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali kusokonezeka kwa maganizo komwe ambiri amangoti misala, pamene munthu akumva kapena kuona zomwe palibe, n'kumakhulupirira zinthu zomwe ngakhale mutamupatsa umboni wotani sangazisiye. Kumeneku ndi chizindikiro chabe, ndipo zochibweretsa n'zambiri: malungo a mu ubongo, HIV ikafika patali, khunyu, kachasu, chamba, ngakhalenso uchembere, pakuti mwa amayi 1,000 alionse mmodzi kapena awiri amasokonezeka m'masabata oyamba atachira. Schizophrenia ndi amodzi mwa matenda obweretsa kusokonezekaku, ndipo ndi amene amakhalitsa.

Kusiyanitsaku kumapulumutsa moyo. Munthu amene dzulo anali bwinobwino, lero thupi latentha ndipo akubwebweta, ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa m'boma la udzudzu ngati Salima choyamba kuganizira ndi malungo. Schizophrenia imabwera pang'onopang'ono, thupi lili lozizira bwino.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 2022 kuti matendawa amagwira munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 478,346 m'boma la Salima. Kugawa nambala imeneyi ndi 300 kukupereka anthu pafupifupi 1,600. Amenewa ndi masamu a papepala, koma akukwanira kusonyeza kuti amene timawaona akutola zinyalala pa Kamuzu Road ndi kagawo kochepa. Ambiri ali kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, ena atsekeredwa m'kachipinda. Matendawa amakonda kuyamba munthu akamatha zaka za unyamata mpaka cha m'ma 20, amuna msanga kuposa akazi. Ndiyo misinkhu yomwe munthu amalemba mayeso a Fomu 4, kufunsira mbeta, kapena kusonkhanitsa ndalama zogulira ukonde wakewake.

Mawu omveka m'makutu ndi mantha oti ena akumulonda ndi zomwe zimadziwika kwambiri. Koma gawo lomwe limatopetsa mabanja ndi lina, losachita phokoso. Wodwala amakhala pamalo amodzi tsiku lonse. Nkhope siisintha, kaya kwagwa maliro kaya kuli ukwati. Mukamufunsa amayankha liwu limodzi. Khasu aligwira, alima mizere iwiri, wakhala pansi. Abale amapirira mwezi woyamba ndi wachiwiri, kenako amayamba kunena kuti ndi ulesi, akuchitira dala, bwanji nsima ndiye amadya. Si ulesi. Mphamvu yoyambira chinthu, yomwe munthu wabwinobwino saiganizira n'komwe, ndi imene matendawa amadya. Kumukalipira sikuibweza, ndipo kafukufuku wa zaka zambiri m'maiko osiyanasiyana adasonyeza kuti wodwala amene akukhala pakhomo pa zonyoza ndi zokalipa matenda amamubwerera msanga kuposa amene akukhala pa mtendere.

Za kumtundu zilipo. Mwana wa kholo lodwala ali pa chiopsezo chofika pafupifupi 10 pa 100, ndipo mwa mapasa ofanana, mmodzi akadwala, mwayi woti winayo adwalenso umayandikira theka. Manambala omwewa akuuzanso kuti ana 9 mwa 10 a kholo lodwala sadwala, ndipo mapasa ambiri amasiyana. Mavuto a pobadwa, nkhanza za paubwana ndi mankhwala ozunguza bongo zimaonjezera pa chibadwacho.

Nkhani ya chamba njosapeweka m'dera lomwe likuchita malire ndi Nkhotakota. Mu 1987 ofufuza a ku Sweden adafalitsa zomwe adapeza atatsatira anyamata oposa 45,000 amene adalowa usilikali: amene adasuta kopitirira ka 50 adali ndi chiopsezo chowirikiza ka 6. Kafukufuku wina wa 2019, wotsogozedwa ndi Marta Di Forti wa ku London, adapeza kuti osuta tsiku ndi tsiku chiopsezo chawo chimawirikiza pafupifupi katatu, ndipo chamba chikakhala champhamvu chimafika pafupifupi kasanu. Choncho makolo amene amaloza chamba sakunama. Pomwe amalakwitsa ndi poganiza kuti kudziwa chifukwa ndi kutha kwa nkhani. "Adasuta yekha" yakhala njira yosambira m'manja, ndipo odwala ambiri, makamaka amayi, sadakhudzepo ndudu chibadwire.

Pulofesa wojambula ubongo

Chodabwitsa pa ntchito ya ku Salima n'chakuti amene akuitsogolera adatchuka ndi makina omwe ku Salima kulibe.

Mu 1976, dokotala wa ku Scotland, Eve Johnstone, akugwira ntchito pa chipatala cha Northwick Park ku London, adajambula ubongo wa odwala ochepa chabe ndi makina a CT omwe panthawiyo adali achilendo. Adapeza kuti timipata tokhala madzi m'kati mwa ubongo tidali tokulirapo mwa odwala schizophrenia kusiyana ndi mwa anthu ena. Panthawiyo kudali akatswiri otchuka amene ankaphunzitsa kuti matendawa amabwera chifukwa cha kaleredwe koipa, makamaka ka mayi. Zithunzi za Johnstone zidathandiza kuchotsa mlanduwo pamutu pa amayi.

Johnstone atasamukira ku Edinburgh, mu 1994 adayambitsa kafukufuku wolimba mtima, ndipo Lawrie, amene adali dokotala wachinyamata, adagwira gawo lalikulu la zojambulazo. Adasonkhanitsa achinyamata 163 a zaka 16 mpaka 25, onse abwinobwino, koma ochokera m'mabanja momwe muli abale awiri kapena kuposa odwala schizophrenia. Ankawayeza nzeru, kucheza nawo ndi kuwajambula ubongo ndi makina a MRI mobwerezabwereza, kudikira kuti aone ndani adwale. Adadwala 20. Pobwerera m'mafailo awo, ofufuza adaona kuti achinyamatawo adali atayamba kale kusonyeza nkhawa, kudzipatula ndi kuvutika kukumbukira, ndipo mbali ina ya ubongo, ya cha m'mphepete mwa makutu, idali itayamba kuchepa matenda asanaonekere.

Adali kafukufuku wamkulu, ndipo amatchulidwabe. Koma sadabale chida chomwe ambiri ankayembekezera. Mpaka lero palibe chithunzi kapena kuyeza magazi komwe kungauze dokotala kuti munthu uyu ali ndi schizophrenia. Kusiyana kwa ubongo kumaoneka poyerekeza magulu a anthu, osati pa munthu mmodzi. Dokotala wa ku Edinburgh ndi namwino wa pa chipatala cha boma cha Salima amadziwa matendawa mwa njira imodzimodzi: kukhala pansi, kufunsa, kumvetsera, ndi kufunsanso amene amakhala ndi wodwalayo.

Chomwe zaka zonsezo zidatsimikiza n'chakuti nthawi ndi yofunika. Kafukufuku wa m'maiko ambiri akugwirizana kuti amene wakhalitsa osalandira mankhwala amachira movutikira. Ku Norway, m'chigawo cha Rogaland, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adayesa kufupikitsa nthawiyi dala, pophunzitsa aphunzitsi, madokotala ndi anthu wamba kudzera m'nyuzi ndi pa wailesi. Nthawi yodikira idatsika kufika masabata 5, pamene m'madera oyerekezera idali masabata 16, ndipo patatha zaka 10 ochira bwinobwino m'dera lophunzitsidwalo adali pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ngati kusiyana kwa masabata 11 kudaoneka chonchi, n'zomveka kuti munthu amene wathera moyo wake pofunafuna njira yodziwira matendawa msanga atembenukire kudziko komwe nthawiyo imawerengedwa m'zaka.

Ubale wa Scotland ndi Malawi pankhaniyi sudayambe ndi PROMISE. Kuyambira mu 2006, madokotala a ku Scotland akhala akubwera modzipereka kudzaphunzitsa ophunzira a udokotala ku Blantyre, ndipo adathandiza kukhazikitsa maphunziro a ukatswiri wa matenda a maganizo. Kwa zaka zambiri dzina lomwe linkamveka lidali limodzi, la Dr Felix Kauye wa ku Zomba Mental Hospital. Lero akatswiri achimalawi awonjezereka, koma akadali owerengeka ndi zala, m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni.

Njira ya ku Zomba

Kwa Mmalawi wamba, "wapita ku Zomba" ili ndi tanthauzo lake, ndipo mantha akewo ali ndi mbiri. Malo oyamba osungirako odwala misala adatsegulidwa mu 1910 ngati gawo la ndende yaikulu ya Zomba, oyang'anira ake ali asilikali a ndende. Wolemba mbiri Megan Vaughan, amene adasanthula zolembedwa za malowa, adasonyeza kuti atsamunda ankatsekerako makamaka amene ankawaona kuti akusokoneza bata. Chipatala chenicheni chidatsegulidwa mu 1953, chaka chimodzi chitadutsa madokotala awiri a ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, atasonyeza kuti mankhwala a chlorpromazine amaziziritsa zizindikiro za misala. Lamulo la 1948 lomwe linkayendetsa zonsezi lidakhalabe m'mabuku mpaka mu 2025, pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza latsopano.

Kuchokera ku Salima, Zomba ili pa mtunda wa makilomita oposa 200, kudzera Golomoti, Balaka ndi Liwonde. Chipatala cha St John of God ku Lilongwe chili pafupi, makilomita 100 pa msewu wa M14. Koma kwa banja la ku Thavite kapena ku Lifuwu, ngakhale ulendo wa pa boma pomwepo ndi nkhani. Wodwala amene wavuta sakwera kabaza yekha. Pamafunika amuna awiri omugwira, ndipo oyendetsa minibasi ena amakana. Gadiyani amasiya munda wa mpunga kapena thandala la usipa lili padzuwa. Zonsezi zimawerengeredwa, ndipo mayankho ake nthawi zambiri amakhala akuti tidikire kaye, mwina zisintha.

Sing'anga ali pafupi. Shehe ali pafupi, mneneri ali pafupi. Ndipo amayankha funso lomwe chipatala sichiyankha: chifukwa chiyani mwana wathu, chifukwa chiyani pano, atangogula injini? M'madera a asodzi, komwe mwayi wa usiku umodzi ungasinthe moyo wa munthu, nkhani zoti wina adakhwimira nsomba n'kulakwitsa chizimba sizisowa. Pa kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2012, Jim Crabb ndi anzake adafunsa anthu 210 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chomwe chimayambitsa matenda a maganizo. Oposa 95 pa 100 adatchula mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, pafupifupi 93 adati ndi matenda a mu ubongo, ndipo pafupifupi 83 adatchulanso mizimu. Manambalawa akaphatikizidwa akupitirira 100 kutali, chifukwa anthu omwewo amakhulupirira zonsezi nthawi imodzi. Amene amaganiza kuti pali gulu la ophunzira lokhulupirira ubongo ndi gulu la osaphunzira lokhulupirira ufiti sadakhalepo pa bwalo la banja pamene akukambirana za wodwala.

Apa ndi pomwe ofufuza a masiku ano adasiyana ndi akale. M'malo molimbana ndi asing'anga, akufunsa ngati n'zotheka kugwira nawo ntchito. Umboni wamphamvu udachokera ku Ibadan ku Nigeria ndi ku Kumasi ku Ghana, komwe Pulofesa Oye Gureje ndi anzake adalumikiza asing'anga ndi azibusa ochiritsa ndi ogwira ntchito a zipatala zazing'ono. Wachipatala ankapita kwa sing'angayo sabata ndi sabata kukaona odwala ndi kupereka mankhwala, sing'anga n'kumapitiriza zake. Zotsatira zomwe zidatuluka mu The Lancet mu 2020 zidasonyeza kuti patatha miyezi 6 odwala a m'malo ogwirizanawo adali bwino kwambiri kuposa enawo. Kuno kwathu, Kokota pamodzi ndi Pulofesa Chiwoza Bandawe ndi Dr Robert Stewart adafufuza maganizo a asing'anga ndi achipatala pa za mgwirizano wotere.

Mgwirizano uli ndi malire ake, ndipo ayenera kunenedwa mosabisa. Kumanga munthu ndi unyolo pamtengo, kumukwapula kuti chiwanda chituluke, kumusalitsa chakudya masiku angapo, kapena kumuuza kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, zimenezi si chikhalidwe choti chilemekezedwe. Ndi nkhanza, ndipo ena amafa nazo. Koma sing'anga amene waphunzira kunena kuti "uyu ndayesa, pitani naye kuchipatala, mukabwerako mudzandipeze" angadule zaka pa ulendo wa wodwala kuposa chikwangwani chilichonse cha pamsewu.

Wa njinga ndi kaundula

Maso a ntchito ya PROMISE ali pa alangizi a zaumoyo, omwe ambiri amangoti azaumoyo kapena ma HSA. Ndi amene amayeza ana pa sikelo, kupereka katemera, kuthira mankhwala m'zitsime nthawi ya kolera ndi kulemba kaundula wa m'mudzi. Cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000. Amadziwa khomo lililonse, ndipo khomo lomwe kuli munthu wotsekeredwa amalidziwanso, kungoti palibe adawauzapo kuti imeneyinso ndi ntchito yawo.

Ganizoli lidayesedwapo ku Zomba zaka zapitazo, pamene Jerome Wright wa ku University of York ndi Chikayiko Chiwandira adaphunzitsa alangizi za matenda a maganizo. Kunja kwa dziko lino, kafukufuku wa ku India wa 2014 ndi wa m'boma la Sodo ku Ethiopia wa 2022 adasonyeza kuti anthu wamba ophunzitsidwa, akamayendera odwala schizophrenia m'makomo, amachepetsa kulumala komwe matendawa amabweretsa, bola mankhwala akuchipatala akupezekanso. Pulofesa Charlotte Hanlon, amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Addis Ababa, ali m'gulu la PROMISE. Ndondomeko ya ntchitoyi ndi yosavuta kuinena: mlangizi azindikire, atumize ku chipatala chaching'ono ngati cha Khombedza, Maganga kapena Chipoka, kumeneko ayambe mankhwala mothandizidwa ndi gulu la pa boma, ndipo wodwala akabwerera kumudzi mlangizi yemweyo azimuyendera.

Kuinena n'kosavuta. Mlangizi ali kale ndi katundu wambiri, ndipo pulojekiti iliyonse yatsopano imabwera ndi fomu yake. Ndiponso kuzindikira wodwala n'kumutumiza komwe kulibe mankhwala kuli ngati kuyatsa nyali za siginala usiku wonse, usipa n'kusonkhana, ukonde mutausiya kumtunda. Banja lomwe lagulitsa mbuzi kuti lifike pa chipatala, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha mukagule kufamase, silibweranso, ndipo limauza oyandikana nalo.

Mankhwalawo ayenera kufotokozedwa bwino, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwera. Opezeka kwambiri m'zipatala za boma ndi akale: chlorpromazine ndi haloperidol, komanso jakisoni wa fluphenazine wobaya kamodzi pamwezi. Risperidone, watsopanoko, amapezeka nthawi zina. Onsewa amagwira ntchito pochepetsa mphamvu ya dopamine, imodzi mwa timadzi totumiza uthenga mu ubongo. Tulo ndi bata zimabwera m'masiku ochepa. Mawu a m'makutu ndi mantha zimatenga masabata kuti zizirale. Amagwiradi ntchito. Stefan Leucht ndi anzake, ataphatikiza kafukufuku 65 mu 2012, adapeza kuti m'chaka chimodzi matenda adabwerera mwa 27 pa 100 a amene ankamwa mankhwala, pamene mwa amene adapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala adabwerera mwa 64.

Koma amene adamwapo amadziwa mtengo wake. Haloperidol angaumitse khosi, lilime n'kulemera, maso n'kutembenukira kumwamba. Mayi amene waona mwana wake ali chonchi tsiku lachitatu amaganiza kuti achipatala awonjezera matenda, kapena kuti amene adamulodza wakwiya. Ena manja amanjenjemera, dovu limachucha, akamayenda mikono siigwedezeka. Chlorpromazine amagonetsa, amachititsa chizungulire munthu akadzuka msanga, ndipo amapangitsa khungu kupsa ndi dzuwa, zomwe si nkhani yaing'ono m'mwezi wa Okutobala ku Salima. Kwa munthu amene ntchito yake ndi ya usiku, piritsi logonetsa lomwedwa madzulo limatanthauza kusankha pakati pa mankhwala ndi chakudya cha ana. Palinso vuto lomwe odwala sanena pamaso pa gadiyani, la kuchepa mphamvu m'banja.

Zambiri mwa izi zili ndi yankho. Kuuma kwa khosi kumatha ndi kapiritsi ka benzhexol, komwe ambiri amakadziwa kuti Artane. Mlingo ungachepetsedwe, nthawi yomwera ingasinthidwe, mtundu wa mankhwala ungasinthidwe. Chofunika ndi munthu woti afunse, ndi nthawi yofunsira. Pa tsiku la kiliniki, mzere uli mpaka panja, namwino mmodzi amatsegula kabuku ka kuchipatala, kufunsa ngati akugona bwino, kulemba "apitirize", n'kuitana wina. Wodwala amene sadafunsidwe za kunjenjemera amasiya mankhwala mwakachetechete. Winanso amasiya chifukwa wapeza bwino, monga momwe amachitira ndi mankhwala a malungo, osadziwa kuti awa ndi a nthawi yaitali. Pakatha miyezi ingapo matenda abwerera, ndipo mudzi wonse ukuti misala siichira.

Imachira. WHO imati munthu mmodzi mwa atatu alionse odwala schizophrenia zizindikiro zimamuthera kotheratu, ndipo ena ambiri amakhala bwino ndi mankhwala, kulima, kuchita geni ndi kulera ana. Chomwe sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti odwalawa amafa msanga, kawiri kapena katatu kuposa anthu ena, makamaka ndi matenda wamba: a mtima, shuga, chifuwa chachikulu, omwe achipatala sawafufuza chifukwa dandaulo lililonse amaliyesa gawo la misala. Ndipo ngakhale anthu amawaopa, ambiri mwa iwo ndi amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa kusiyana ndi kuchitira ena zimenezi.

N'chifukwa chake pali chinthu chimodzi mu ndondomeko ya PROMISE choyenera kuchionetsetsa. Muyeso waukulu wa kafukufukuyu si kuchuluka kwa zizindikiro zomwe zatha, koma mmene moyo wa wodwalayo ukuyendera. Dokotala angakondwe kuti mawu a m'makutu aleka, pamene mwini wake akudandaula kuti mkazi adapita kwawo, munda adalanda achimwene, ndipo pa msonkhano wa mudzi akaimika mkono anthu amaseka. Kuika anthu amene adadwalapo ndi owasamalira patebulo lokonzera ntchitoyi, kudzera mu MeHUCA ndi omenyera ufulu ngati Action Amos, kukuthandiza kuti mafunso amenewa asasiyidwe panja.

M'gulu la PROMISE mulinso Pulofesa Martin Knapp wa ku London School of Economics, katswiri wa zachuma. Ntchito yake ndi kuwerengera kuti zonsezi zikudya ndalama zingati pa wodwala mmodzi, ndi zingati zomwe zikupulumuka pamene gadiyani wabwerera kumunda, ambulansi sidapite ku Zomba, ndipo bedi lakuchipatala latsala lopanda munthu. Masamu amenewa akulembedwera akuluakulu a ku Capital Hill. WHO imati maiko amaika pafupifupi K2 yokha pa K100 iliyonse ya bajeti ya zaumoyo ku matenda a maganizo, ndipo maiko osauka amaika yochepa kuposa pamenepo. Ndalama za Wellcome zili ndi tsiku lothera. Likadzafika, mafuta a galimoto yopita ku kiliniki ya ku Khombedza adzachokera m'thumba la ofesi ya zaumoyo ya boma la Salima, ndipo haloperidol, fluphenazine ndi benzhexol adzayenera kulowa pa oda ya mwezi ndi mwezi yopita ku Central Medical Stores Trust, pamzere umodzi ndi LA, ma ARV ndi mankhwala a amayi oyembekezera.